Bakha Si Nkhuku: Alangizi Aganizenso za Kulumala kwa Anapiye a Bakha

M'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje ikuluikulu ya chigawo chino, monga m'chigwa cha Shire, kuzungulira nyanja ya Chilwa, m'zigawo za Tete ndi Zambezia ku Mozambique, ndiponso m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, muli dandaulo limodzi limene alangizi a zaulimi amalimva chaka ndi chaka. Bakha wafungatira mazira ake masiku 35, waswa anapiye khumi kapena kupitirirapo, onse athanzi ndi othamanga. Mwini wake wawatsekera m'khola poopa akabawi ndi agalu, ndipo akuwapatsa madeya ndi madzi mosadumphitsa tsiku. Pofika sabata yachitatu ena ayamba kutsimphina, ena akungokhala pansi pafupi ndi chodyera, miyendo yachita matewe. Sabata ziwiri zotsatira, khola latsala ndi anapiye owerengeka.

Mlimi amati m'khola mwalowa matenda. Kawirikawiri mlangizi amavomereza, namuuza kuti akagule mankhwala a ufa osungunula m'madzi akumwa. Ndalama zimapita, anapiye osachira. Pamavuto a miyendo amene amagwira anapiye a bakha pakhomo, ochuluka amachokera m'chodyera ndi pansi pamene anapiyewo amaponda. Tizilombo toyambitsa matenda tili ndi gawo lake, koma ndi locheperapo. Motero mlangizi amene athamangira mankhwala asanafunse za chakudya ndi za khola walakwira mlimi, ndipo cholakwa chimenechi chili ndi gwero lodziwika: uphungu wa kawetedwe ka abakha m'maiko ambiri a kuno umangotengedwa m'mabuku a nkhuku.

Kufunika kwa bakha pakhomo

Bakha wofala m'midzi ya chigawo chino ndi wa mtundu wa Muscovy, uja wa nkhope yofiira ya njerewere, amene kwawo kwenikweni ndi ku Central America ndi South America. Amadzifunira yekha chakudya, amafungatira bwino, ndipo wamwamuna amakula pafupifupi kuwirikiza kawiri thupi la wamkazi. Ubwino wake waukulu umaoneka chitopa chikabuka. Nthendayi, imene ena amaitcha chideru, imatha kupululutsa nkhuku za mudzi wonse m'sabata zochepa, koma abakha nthawi zambiri amapulumuka. Katemera wa I-2 wathandiza kwambiri ku Mozambique, Malawi ndi Tanzania, komabe sanafike pakhomo lililonse. Banja limene nkhuku zake zatha limatsala ndi abakha oti ligulitse pofuna ndalama za sukulu, za chigayo kapena za ulendo wa kuchipatala. Owasamala kawirikawiri ndi amayi ndi ana. Kutaya theka la anapiye chifukwa cha vuto lopeweka ndi kutaya chuma cha anthu amene alibe china chodalira.

Gwero lalikulu: kusowa kwa niacin

Niacin ndi vitamini wa m'gulu la B, wotchedwanso B3. Nkhuku imatha kudzipangira gawo lina la vitaminiyu m'chiwindi kuchokera ku tryptophan, chimodzi mwa zinthu zimene zimapanga mapuloteni. Chiwindi cha bakha chimalephera kuchita zimenezi mokwanira, kotero bakha amadalira niacin wobwera ndi chakudya. Mlingo umene bungwe la National Research Council la ku America linafalitsa mu 1994 umasonyeza kusiyanaku poyera: abakha a mtundu wa Pekin amafuna mamiligalamu 55 a niacin pa kilogalamu iliyonse ya chakudya, pamene anapiye a nkhuku za nyama amafuna 35, ndipo a nkhuku za mazira 27. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1953 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Cornell, Heuser ndi Scott, anasonyeza kuti kufooka kwa miyendo ya abakha kumapeweka powonjezera niacin m'chakudya.

Chimanga chimakulitsa vutoli m'njira ziwiri. Poyamba, niacin wambiri wa m'chimanga ndi womangika, ndipo matumbo a mbalame satha kumumasula. Kachiwiri, mapuloteni a chimanga ndi ochepa, magawo 8 kapena 9 pa magawo 100 alionse, ndiponso ndi osauka tryptophan. Mwanapiye wa bakha m'sabata ziwiri zoyamba amafuna chakudya cha mapuloteni okwana magawo 22 pa 100, ndipo pambuyo pake magawo 16. Amakulanso mofulumira kuposa mwanapiye wa nkhuku ya m'mudzi. Thupi limalemera, miyendo isanalimbe yoti ilinyamule.

Zizindikiro zake nzosavuta kuzidziwa. Anapiye ambiri a msinkhu umodzi amayamba pamodzi, makamaka pakati pa sabata yachiwiri ndi yachisanu ndi chiwiri. Amayenda pang'ono nkukhala pansi, miyendo imanjenjemera, mfundo ya pakati pa mwendo imatupa, kenaka mafupa amapindikira kunja. Maso amakhala owala, chilakolako cha chakudya chilipo, ndipo satuluka mamina. Ambiri amafa chifukwa cholephera kufika pa madzi ndi popondedwa ndi anzawo.

Chigawo chino chinaona kale zotsatira za kudya chimanga chokha pa anthu. Mu 1990, mtedza utasiya kugawidwa kwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankakhala kummwera kwa Malawi, anthu oposa 17,000 anadwala pelagra, nthenda yothetheka khungu, yotsegula m'mimba ndi yosokoneza mutu. Gwero lake linali lomweli, kusowa kwa niacin m'chakudya chodalira chimanga. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, ndipo njira imeneyi imamasula niacin womangika uja. Chimanga chinaoloka nyanja kudza kuno, kaphikidweko kanatsalira. Mlangizi amene amadziwa mbiri ya pelagra ali kale ndi chitsanzo chofotokozera mlimi chifukwa chake madeya okha salera bakha.

Bakha woyenda momasuka kudambo amapeza zimene madeya alibe: nyongolotsi, nkhono, ziwala, chiswe, ana a achule ndi masamba anthete. Vuto limabadwa pamene anapiye atsekeredwa. Nthawi zambiri langizo lowatsekera limachokera kwa mlangizi mwini, ndipo ndi langizo labwino. Kulakwa kwake nkwakuti limaperekedwa theka, popanda kunena za chakudya chimene chiyenera kulowa m'malo mwa dambo.

Chithandizo chilipo, ndipo chambiri chimapezeka pakhomo pomwepo. Mtedza wabwino wosinja, chiphwanya cha mtedza kapena cha mpendadzuwa chotsala pofinya mafuta, ufa wa usipa, matemba kapena kapenta, chiswe, ngumbi, khobwe wophika, ndi masamba odula bwino a bonongwe, chisoso kapena nkhwani, zonsezi zimakweza niacin kapena mapuloteni. Soya ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa, pakuti wamuwisi amalepheretsa kugaya chakudya. Nsomba zouma zothira mchere wambiri ziyambe zanyikidwa m'madzi. Kumene yisiti wouma wa ku fakitale ya mowa amapezeka, makilogalamu 5 pa makilogalamu 100 a chakudya amakwanira. Anapiye akayamba kale kutsimphina, mavitamini a gulu la B osungunula m'madzi akumwa amabweza mphamvu m'masiku ochepa. Fupa likapindika ndi kuuma, palibe mankhwala oliwongola. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa bakha poyambapo ndi sabata zitatu zoyambirira.

Mafupa ofewa, zala zopinda ndi mtsempha woguluka

Si kulumala konse kochokera m'chakudya kumene kuli kwa niacin. Madeya ali ndi kashiamu wochepa kwambiri, ndipo fosiforasi wake wambiri ndi womangika. Anapiye okulira m'nyumba ya mdima, osaona dzuwa, amasowanso vitamini D wothandiza thupi kugwiritsa ntchito mchere wa mafupa umenewu. Mlangizi angazindikire vutoli ndi zala zake zomwe: mlomo wa mwanapiye umapindika ngati mphira, mafupa a miyendo ndi ofewa, ndipo nthiti zimakhala ndi timfundo. Ufa wa mafupa owotcha ndiwo wothandiza koposa popeza uli ndi kashiamu ndi fosiforasi womwe. Zigoba za mazira ndi za nkhono zowiritsa ndi kusinja zimapereka kashiamu. Dzuwa la m'mawa ndi laulere.

Pali chenjezo limene alangizi ambiri amaliiwala. Chakudya cha nkhuku zoikira mazira chili ndi kashiamu wokwana magawo 3.5 kufika 4 pa 100, pamene mwanapiye wa bakha safuna woposa gawo limodzi pa 100. Mlimi wa m'tauni amene agula thumba la chakudya chimenechi poganiza kuti akuchitira zabwino anapiye ake amawawononga impso ndi mafupa omwe. Ngati chakudya cha abakha palibe m'sitolo, chogula ndi cha anapiye a nkhuku za nyama, chowonjezeredwa niacin.

Zala zopindikira mkati, mwanapiye namayendera mfundo za miyendo, zimaloza ku kusowa kwa riboflavin, amene amapezeka m'masamba obiriwira, yisiti ndi mkaka. Mwendo umodzi ukapotokera kumbali, mfundo itaphwatalala, ndiye kuti mtsempha waukulu waguluka m'njira yake, ndipo izi zimayenderana ndi kuchepa kwa manganese kapena choline. Mayina a mavitamini ndi michere imeneyi mlimi sayenera kuwaloweza. Chimene ayenera kumva ndi chakuti chakudya cha kasakaniza chimatseka mipata yonseyi nthawi imodzi.

Pansi pamene mwanapiye aponda

Mwanapiye wa tsiku limodzi kapena awiri amene miyendo yake yatambasukira m'mbali, nagona chafufumimba osatha kuimirira, sanadye chilichonse choti nkumulumalitsa. Vuto lake ndi poterera. Alimi amene amaswetsa mazira ndi makina, kapena amene amachotsa anapiye kwa make, amakonda kuwaika m'beseni la pulasitiki, m'katoni yoyala nyuzipepala, pa thumba la feteleza kapena pa simenti yosalala. Mapazi a bakha sagwira pamalo otere, ndipo madzi amene iye mwini amamwaza amawonjezera kuterera. Udzu wouma woduladula, mankhusu a mpunga, zopala za matabwa kapena chiguduli zimathetsa vutoli tsiku lomwelo. Mwanapiye wogwidwa kale angathandizidwe pomanga miyendo yake iwiri ndi kansalu kofewa, mosathina, motalikirana monga amaimira wathanzi, kwa masiku atatu kufika asanu. Likapita sabata loyamba, mwayi wochira umachepa kwambiri.

Chinyezi ndi mdani wachiwiri. Bakha amamwa madzi ambiri ndipo zitosi zake nzamadzi. Zoyala zikanyowa, khungu la kuphazi limafewa ndi kung'ambika, tizilombo timalowa, phazi limatupa mafinya. Waya wakuthwa ndi miyala yosongoka zimachita chimodzimodzi. Chomwera chikhale pakona imodzi, chakuya koti mwanapiye amize mlomo ndi mphuno, koma chosalola thupi lonse kulowamo. Anapiye opanda make asasambire nthawi yaitali, chifukwa nthenga zawo za ubweya zimanyowa, ndipo akazizidwa amafooka miyendo nkumaoneka ngati olumala. Kagwiridwe nakonso nkofunika. Nkhuku anthu amainyamula pogwira miyendo, koma miyendo ya bakha imabinya msanga. Agwiridwe pathupi, ndipo ana a pakhomo aphunzitsidwe zimenezi.

Chuku

Langizo lopatsa abakha mtedza lili ndi msampha. Pakhomo, mtedza ndi chimanga zimene zimapita ku ziweto ndi zija zosankhidwa kuti nzoola, zofwifwa ndi zachuku. M'mbewu zotere mumakhala poizoni wa aflatoxin, ndipo pa mbalame zonse zoweta, mwanapiye wa bakha ndiye wosachedwa kufa naye. Poizoniyu anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chiphwanya cha mtedza chochokera ku Brazil. M'nyengo yomweyo anapiye a bakha anafanso ku East Africa ndi vuto lomwelo. Kwa zaka zingapo akatswiri ankagwiritsa ntchito anapiye a bakha a tsiku limodzi poyesa ngati chakudya chili ndi poizoniyu. Mwanapiye wodya chuku amasiya kudya, amapinimbira, amatsimphina, miyendo ndi mapazi zimasanduka zofiirira modera, ndipo pakufa amadzandira nakokera mutu kumsana. Chiwindi chake chimakhala chotumbululuka. Aflatoxin satha ndi kuphika kapena kukazinga. Uthenga wa mlangizi ukhale wosapsatira: mbewu imene munthu sangadye chifukwa cha chuku, bakha asapatsidwe.

Pamene ali matenda enieni

Matenda alipo, ndipo mlangizi wanzeru amawasiyanitsa. Kufa ziwalo kwadzidzidzi kumene kumayambira m'miyendo, kukwera m'mapiko, mpaka khosi kulendewera, ndi chizindikiro cha botulism. Poizoni wake amachokera m'madzi oima oola ndi m'mphutsi za nyama yakufa, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November pamene zithaphwi zikuphwa. Maantibayotiki sachotsa poizoni ameneyu. Chofunika ndi kukwirira mitembo, kutchingira chithaphwi ndi kupatsa odwala madzi oyera pamthunzi.

Anapiye a sabata imodzi kufika zisanu ndi ziwiri amene akutuluka zamadzi m'maso ndi m'mphuno, akutsegula m'mimba zobiriwira, akunjenjemera mutu, nagona chagada akupalasa miyendo m'mwamba, angakhale ndi bakiteriya wa Riemerella anatipestifer. Apa mankhwala ali ndi ntchito, ndipo wosankha akhale dokotala wa ziweto. Abakha kapena nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi ndi zizindikiro zosokonekera ubongo, nkhaniyo ipite ku ofesi ya zaziweto tsiku lomwelo. Chimfine cha mbalame cha mtundu wa H5N8 chinabuka ku Zimbabwe ndi ku South Africa mu 2017, ndipo mbalame za m'madzi zimene zimachinyamula sizidziwa malire a maiko.

Zimene ena anganene

Ena adzati njira yapafupi ndi kuleka kutsekera anapiye. Koma mlimi amene anaona kabawi, khwangwala kapena ng'azi ikutha anapiye ake mmodzimmodzi sadzamvera langizo lotere, ndipo ali ndi chifukwa. Yankho lili pakati: khola lonyamulika lopanda pansi, losunthidwa tsiku lililonse pa msipu watsopano, kapena kutulutsa anapiye maola angapo pali wowayang'anira, kuphatikiza chiswe ndi masamba obweretsedwa m'khola.

Ena adzati banja losauka silingapatse bakha usipa pamene ana a m'nyumba akuusowa. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo mlangizi aziilemekeza. Komabe zimene anapiye khumi amafuna m'sabata zoyamba nzochepa, ndipo zambiri sizipikisana ndi mphika: zinyenyeswa za pansi pa dengu la usipa, mitu ndi matumbo a nsomba zophika, chiswe chokoledwa ndi mphika wa zinyalala zonyowa, nkhono za kudimba. Mtengo wa zonsezi sufika pa mtengo wa paketi ya mankhwala imene mlimi amagula pachabe.

Enanso adzati kupereka mankhwala sikulakwa, pakuti ngati sathandiza, sapwetekanso. Apa ndi pamene pali ngozi yobisika. Masiku amene mlimi akudikira kuti mankhwala agwire ntchito ndi omwewo amene fupa likupindika kosabwerera. Kuwonjezera apo, maantibayotiki operekedwa popanda chifukwa amazoloweretsa tizilombo, kotero kuti tsiku limene adzafunike moona, pa chiweto kapena pa munthu, adzapezeka opanda mphamvu. Mlimi amene wagula mankhwala kawiri osaona phindu amasiyanso kukhulupirira mlangizi pa nkhani zina, ngakhale ya katemera wa chitopa.

Ntchito ya mlangizi

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mlangizi akaitanidwa pa anapiye olumala, ayambe ndi mafunso asanu. Ali ndi masiku angati? Agwidwa angati, ndipo anayamba pamodzi kapena mmodzimmodzi? Akudya chiyani, ndipo chakudyacho chikununkha bwanji? Akuponda pa chiyani? Kodi odwalawo akudyabe ndi maso owala, kapena azyolika? Wa masiku awiri wotambasuka miyendo, vuto ndi pansi. Gulu la sabata zitatu lotsekeredwa, lodya madeya okha koma lanjala, vuto ndi chakudya. Osadya, a mapazi oderapo, funso lipite ku nkhokwe. Khosi lolendewera, ayendere chithaphwi. Mamina, kutsegula m'mimba ndi imfa zotsatizana, aitane dokotala wa ziweto.

Akuluakulu a nthambi za ulangizi ali ndi mbali yawo. Maphunziro a alangizi m'makoleji a zaulimi apatse bakha mutu wakewake m'malo momuika m'ndime yomaliza ya phunziro la nkhuku. Malo ofufuzira ayese kasakanizidwe ka zakudya zopezeka m'dera lililonse, monga madeya a mpunga ku Karonga ndi Nkhotakota, mpendadzuwa ndi mtedza ku Chipata ndi Mchinji, kapenta ku Kariba ndi Cahora Bassa, ndi kupereka miyeso yake m'mabeseni ndi m'zitini zimene mlimi ali nazo. Chichewa kapena Chinyanja chimamveka ku Dedza ndi ku Angónia, ku Mchinji ndi ku Chipata, ndipo alimi a mbali zonse amakumana m'misika yomweyo. Kapepala kamodzi ka zithunzi, kosonyeza mwendo wa matewe, miyendo yotambasuka ndi khosi lolendewera, pamodzi ndi chochita pa chilichonse, kangatumikire maiko atatu popanda kumasuliridwa. Nthawi yabwino yokagawa ndi pamene bakha akufungatira, pakuti masiku 35 amenewo ndi okwanira kuti mlimi akonze zoyala, asinje ufa wa nsomba ndi kusankha mtedza wabwino anapiye asanaswe.